Lipenga la Mgodi ndi Chikho cha Amalume

Adzukulu anga amadziwa kuti ndinagwira ntchito pansi pa mgodi. Amadziwira chifuwa. Zoti ndinalizapo lipenga pa mbale ya galamafoni, kumbuyo kwa woimba amene dziko lonse linkamudziwa, anakazimva kwa anthu ena pamaliro. Anabwera kudzandifunsa m'Chishona chawo. Ndinati ndi zoona, ndipo ndinawauza kuti atseke chitseko, mphepo ikulowa. Sindine munthu wokamba nkhani pakhonde. Koma pepala silifunsa mafunso, ndiye ndilemba.

Ndinachoka kwathu ku Ntchisi ndevu zikungoyamba, sukulu nditalekezera Sitandade 4. Ananditenga ndi amalume, alongo awo a mayi anga. Iwo anali atakhalitsa pa mgodi wina wa golide kufupi ndi Que Que, ndipo anandipezera malo. Ndinayamba ndi fosholo, kupakira miyala m'ngolo. Patapita zaka anandipatsa mashini oboolera mwala. Pamene Azungu a kuno ankalengeza kuti sakumveranso boma la ku Mangalande, ine ndinali nditakwatira, ndili ndi chipinda m'komboni ndi mwana mmodzi. Nkhaniyo tinaimva pa wayilesi ya m'bhawa, m'mawa mwake tinalowa kheji yotsikira pansi pa mgodi monga masiku onse.

Lamulungu masana mtundu uliwonse unkatulutsa gule wake pabwalo la kuseri kwa bhawa. Ife tinali a mganda. Tinkavala akabudula oyera, malaya oyera, masokosi ofika m'mawondo, tayi. Ochapa ndi kusita tinali tokha, akazi sitinkawalola, chifukwa mzere wa kabudula unkayenera kuima ngati mpeni. Kutsogolo ng'oma yaikulu ndi zing'onozing'ono ziwiri, kumbuyo ife m'mizere, aliyense ndi lipenga lake la chikho.

Zikhozo ankakonza ndi amalume. Mbewu anachokera nazo kumudzi m'kathumba ka fodya, nabzala kumpanda wa komboni. Chikho chikauma ankachidula kumimba, kuchotsa njere, n'kuboola khosi pambali. Kunsonga ankamatapo kansalu koyera kamene kangaude amakutira mazira ake, kaja kamapezeka kuseri kwa chitseko kapena kudenga. Ankakachotsa ndi nsonga ya mpeni, mpweya ataugwira, kuti kasang'ambike. Chikho chotere sauzira. Umaika pakamwa n'kumaimbiramo ndi pakhosi, kansalu kaja n'kumanjenjemera. Mawu ake amatuluka okhakhala, a munthu koma osakhala a munthu. Zikho khumi ndi ziwiri zikalira pamodzi, zazikulu pansi zazing'ono pamwamba, tsitsi limaima. Pa mzere wonse, wa chikho chaching'ono ndinali ine, ndipo panalibe wondiposa. Sindikudzitama. Zinali choncho.

Tsiku lina Mzungu woyang'anira zamasewera pa mgodi anabwera ndi mabokosi pa lole. Munali zida za bandi zogwiritsidwa kale ntchito: magitala, ng'oma zachizungu, sakisofoni, ndi lipenga la mkuwa lopindika pang'ono kukamwa kwake. Anabweretsanso mphunzitsi, Mshona wamtali amene anapuma ntchito ku bandi ya apolisi. Tonse tinkamutcha a Sajeni. Atafunsa kuti ndani amadziwa lipenga, komboni yonse inaloza ine.

Anandipatsa lipengalo m'holo, anthu atadzaza m'mawindo. Ndinalilandira ndi manja awiri. Linali lozizira, lolemera, lonunkha mafuta. Ndinaliika pakamwa, ndinakoka mpweya, n'kuyamba kuimbiramo nyimbo ya mganda monga ndinkachitira ndi chikho.

Munatuluka kamawu ngati ka munthu wotsekeredwa m'mgolo.

Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi. Ndinayang'ana kunsonga kwa lipengalo kuti ndione ngati kansalu kagwa. A Sajeni anandiona ndikufufuza.

"Uri kutsvagei, achimwene?" Ankafunsa chimene ndikufuna.

"Kansalu ka kangaude. Palibe."

Apo holo inatheratu. A Sajeni okha sanaseke. Analanda lipengalo, napukuta ndi mpango, nafinya milomo yawo, n'kuliza mawu amodzi oyera, aatali, ofika mpaka ku ofesi. Kenako anandibwezera.

"Ili silifuna nyimbo yako. Likufuna milomo. Khosi utseke."

Ndinapita kunyumba. Amalume ananditsatira, anakhala pa chitini pakhomo.

"Chitsulo cha eni ake chimenecho, mphwanga. Ukachifuna, chiphunzire. Ukapanda kuchifuna, chikho chako chilipo."

Ndinachifuna. Munthu amene wasekedwa ndi komboni yonse sabwerera.

Lamulo linali lakuti zida zonse ndi za mgodi. Mukatha kuphunzira zinkalowa m'sitolo ya holo, loko n'kutseka. Kuphunzira kawiri pa mlungu sikukanandikwanira. Ndiye ndinkazula kachitsulo ka pakamwa, kaja kamalowa kumapeto kwa lipenga, n'kukaika m'thumba. Ndinkatsika nako pansi. Mnzanga akagwira mashini, ine ndinkakhala pa mwala n'kumafinya milomo m'kachitsulo kaja. Phokoso la mashini linkameza zonse. Sindinkadzimva ndi makutu, ndinkadzimva m'mano. Anthu amadabwa ndikati lipenga ndinaliphunzirira pansi pa nthaka, madzi akundidonthera pamsana. Koma ndi kumene ndinaliphunzirira. Mvula isanabwere kachiwiri ndinali kuliza nyimbo zonse za a Sajeni. Manoti sindinawadziwe mpaka lero. Ndinkayang'ana pepala kuti ndiwasangalatse, nyimbo ili m'mutu.

Koma khosi silinaiwale. Nyimbo ikandilowa, ndinkapezeka ndikuuzira ndi milomo kwinaku pakhosi ndikung'ung'udza. Mawu awiriwo ankamenyana m'kati mwa mkuwa n'kutuluka okhakhala, onjenjemera, ngati chikho chachikulu kuposa zikho zonse zimene amalume anabzalapo. Sindinazipange dala. Zinangobwera. Ndipo zikabwera, akazi a kwathu amene anali m'holo ankaimirira, nthungululu n'kuyamba.

A Sajeni ankamenya patebulo ndi kandodo kawo.

"Handidi nyuchi mubhendi rangu!" Sankafuna njuchi m'bandi yawo. "Lipenga ndi la mfumu, achimwene. Limalankhula zomveka. Zakumudzizo uzisiye pabwalo Lamulungu."

Ndinkawalemekeza. Anali munthu wa mwambo, nsapato zake ukanadziyang'anirapo nkhope. Ndinaphunzira kutseka khosi iwo akakhalapo.

Tinaimba zaka zambiri. Maukwati, Khirisimasi, nkhonya za Loweruka, mpira. Tinafika ku Gwelo, ku Selukwe, ku Shabani, titakwera lole ya mgodi pamodzi ndi osewera mpira. Ku kalabu ya Azungu tinkaimbira pakhonde, iwo akuvina m'kati, mawindo atatsegula. Tiyi ankatipatsira m'zitini za jamu. Sindinamwepo.

Nkhondo itakula zinthu zinasintha. Kuyenda kukada kunaletsedwa, ndiye madansi onse anasamukira masana. Anthu ankavina dzuwa likuswa mtengo, malata a holo akutentha. Pakhomo pankaima anthu a majekete amene sankavina, ankangomvetsera mawu a nyimbo. Ife a ku Malawi tinkauzana kuti ndife alendo, nkhondo si yathu. Koma ana athu anabadwira kuno, ndipo ena a iwo ankasowa usiku umodzi osatsanzika. Masiku amenewo munthu akasowa sitinkafunsa.

Ndi nthawi imeneyo pamene anabwera woimba uja. Dzina lake sindilemba. Amene analipo akumudziwa. Nkhope yake inali pa makalendala a m'masitolo, nyimbo zake zinali pa wayilesi m'mawa ndi madzulo. Anafika Loweruka ndi galimoto ya zimkuzamawu padenga, ana akuithamangira. Woliza lipenga wake anali atasowa mlungu womwewo. Anafunsa ngati pa mgodi pali munthu woti agwirizire tsiku limodzi. A Sajeni anandibweretsa, atandikonza kolala ndi manja awo.

Chimene chinandidabwitsa choyamba n'chakuti anali wamfupi. Pa kalendala ankaoneka chimphona. Pamaso ankandifika paphewa, ngakhale anavala nsapato zazitali zidendene. Anandiimbira nyimbo zake ndi mluzu kuseri kwa holo, iliyonse kamodzi.

"Wabata?"

Ndinati ndagwira.

Holo inadzaza mpaka ena anakwera pa mitanda ya denga. Nyimbo ziwiri zoyamba ndinaliza bwinobwino, a Sajeni ataima kumbuyo manja kumsana. Yachitatu inali yatsopano, inali isanatuluke pa mbale. Woimba ng'oma atayamba, miyendo yanga inaizindikira mutu usanaizindikire. Kagundidwe kake kanali ka mganda. Anakaveka magitala ndi mawu a Chishona, koma pansi pake panali ng'oma yaikulu ya pabwalo. Itafika nthawi yanga, khosi linatseguka lokha.

Woimba uja anali pakati pa mawu. Anasiya. Anatembenuka, maikolofoni ili m'manja, n'kundiyang'ana. Ndinaganiza kuti ndalakwitsa. Koma anakweza dzanja kuuza anzake kuti abwereze, n'kubwerezanso, ine ndikuliza, iye ataima chete pamaso pa anthu onse aja. Kumbuyo ndinaona amalume atavula chipewa akuchivinitsa m'mwamba.

Titamaliza ndinapita kuseri kukapukuta lipenga. Ndinapeza woimba uja atakhala pa kireti, nsapato atavula, mapazi ali m'beseni la madzi. Zala zake zinali ndi matuza. Anthu ankati amamwa bulande botolo lathunthu asanaimbe. Ine ndinamuona akumwa madzi ofunda a mchere m'kapu ya chitini. Anayang'ana uku ndi uku. Panalibe wina.

"Achimwene, kwanu n'kuti?"

Anafunsa m'Chichewa. Chinali Chichewa cholemera lilime, cha munthu amene sanachilankhule nthawi yaitali, koma chinali Chichewa.

"Ku Ntchisi."

"Bambo anga anali a ku Dowa."

Ndinakhala pansi.

Anandiuza kuti anabadwira pa famu ya fodya. Bambo ake ankavina mganda, ndipo iye ali mwana ankawagwirira chikho akamamanga tayi. Anamwalira iye asanakule. Anakulira kwa amayi ake, natenga dzina la kumeneko, chifukwa kusukulu mwana wa Mnyasa ankamutcha dzina lachipongwe loti mubwidi ndi kumufunsa ngati kwawo amadya mbewa. M'tauni panalibe wodziwa. Ngakhale a m'bandi yake sankadziwa.

"Nyimbo ija ndinaipeka ndikukumbuka iwo. Ndayesa oliza malipenga atatu. Onse akuliza ngati pa perete. Sindinkadziwa chimene chikusowa mpaka lero." Anatulutsa phazi limodzi m'madzi. "Pali chikho pafupi?"

Ndinakaitana amalume. Anabwera ndi chikho chawo chachikulu atachikulunga m'thaulo. Munthu wa pa kalendala uja anaimirira opanda nsapato, analandira ndi manja awiri, bondo atapinda. Anaimbiramo. Sankatha. Mawu ankathawira pambali.

"Mwanawe, tseka mbali iyi ndi chala," anatero amalume. "Bambo ako sanakuuze?"

"Ndinali wamng'ono, bambo."

"Ndiye wakula tsopano. Bwereza."

Anabwereza kanayi. Kachisanu chinalira. Anachibweza msanga, n'kupukuta nkhope ndi thaulo la m'khosi nthawi yaitali.

Asanakwere galimoto anandikokera pambali.

"Loweruka likubwerali tikujambula nyimbo ija ku Sozibele, ku likulu. Mubwere. Ndikufuna mawu amenewo akhale pa mbale, monga mmene mwalizira leromu. Koma za bambo anga zikhale pakati pathu."

Mlungu umenewo mashini ankandipepuka m'manja. Ndinkaganiza za mbale. Chinthu chakuda chozungulira, chimene chingakwere basi, kulowa m'nyumba za anthu osandidziwa, mwina kufika mpaka ku Ntchisi, mayi anga n'kumva. Nyimbo ya pabwalo imatha ndi fumbi lake. Ya pa mbale imakhala.

Lipenga silikanatuluka pageti popanda kalata. A Sajeni ndiwo anakaipempha kwa Mzungu, anaima pa ofesi m'mawa wonse. Lachisanu madzulo anandibweretsera kalatayo, pamodzi ndi tayi yawo yakuda ya ku upolisi.

"Uko kuli anthu owerenga manoti," anatero. "Akamva kuti waphunzira kwa ine. Zimene unachita Loweruka ndakukhululukira, unali pakati pa abale ako. Koma mbale siifa, achimwene. Usakandichititse manyazi."

Amalume sananene zambiri. Anandiperekeza pa basi m'mawa, akutsokomola.

"Ukaime ngati uli pa mzere," anatero. Anandipatsanso uthenga wokapereka kwa woimba uja.

Panjira anatiimitsa kawiri. Pachiwiri msilikali anatsegula bokosi, anasuzumira m'kamwa mwa lipenga, n'kundiuza kuti ndilize aone ngati mulibe kanthu. Ndinaliza mawu oyera a a Sajeni, pamsewu, anthu a m'basi ataima pamzere ndi zitupa m'manja. Msilikaliyo anagwedeza mutu. Anati ndimaliza ngati munthu wophunzira. Zinandikoma. Ndikuvomera kuti zinandikoma.

Situdiyo inali kachipinda kopanda windo, makoma atawamata mathireyi a mazira. Mbali ina kunali galasi, kuseri kwake Mzungu wonenepa atavala zomvera m'makutu. Anyamata a bandi anali atavala mathalauza otambalala kumapazi ndi malaya a maluwa. Ine ndinali ndi jekete la ukwati wanga ndi tayi ya apolisi. Wa gitala anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Ndiye uya wenyuchi?" anafunsa anzake. Ndiye wa njuchi uja? Kenako kwa ine: "Achimwene, mwabwera nazo mbewa za nkhomaliro?"

Anaseka. Wa sakisofoni anafinya mphuno n'kuchita "zzzz". Zoterezi ndinali nditazimva zaka zonse pa mgodi, sizinkandilowa. Ndinayang'ana woimba uja kuti ndimupatse moni. Ndinali nditakonza moni wa kwathu, ndi uthenga wa amalume.

Anandigwira dzanja mofulumira, maso ali kwina.

"Wasvika? Mira apo." Wafika, ima apo. M'Chishona, ngati akulankhula ndi wonyamula katundu. Ndipo wa gitala atabwereza za mbewa, iyenso anaseka pang'ono. Pang'ono pokha. Koma ndinaona.

Ndinaima pamene anandiuza. Ndinaganiza kuti: munthu uyu bambo ake wawabisa m'thumba. Akufuna ine nditulutse amalume anga, ndiwaike patebulo, anyamata awa aziwaseka, iye ali mbali yawo. Akufuna mawu a kwathu, koma kwathuko sakukufuna.

Mzungu analankhula pa chimkuzamawu. Anati nyimbo iliyonse tiyesa kawiri basi, ena akudikira panja. Nyali yofiira inayaka.

Ng'oma inayamba. Miyendo inaizindikiranso. Itafika nthawi yanga ndinatseka khosi ngati ndikumeza mwala, n'kuliza. Mawu anatuluka oyera, owongoka, opanda banga. A Sajeni akanalira ndi chimwemwe. Wa sakisofoni anasiya kumwetulira.

Nyali inazima. Mzungu anakweza chala chachikulu. Woimba uja anati ayi, tibwereze.

"Ridza sezvawakaita kumugodhi," anandiuza. Ndilize monga ndinachitira ku mgodi.

"Ndimo mmene ndimalizira," ndinayankha m'Chishona.

Anabwera pafupi, ngati akukonza maikolofoni yanga. Anaika msana wake kwa anzake. Analankhula m'Chichewa, motsitsa, milomo yokha.

"Achimwene, chonde. Chikho chija."

Ndinamuyang'ana kuchokera pamwamba, pakuti anali wamfupi.

"Nenani mokweza," ndinatero m'Chichewa. "Mmene mwaneneramu. Amve onse."

Anaima. Anatembenuka pang'ono kuyang'ana anyamata ake, wa gitala akukonza nsambo, Mzungu akuyang'ana wotchi. Ndikhulupirira kuti anatsala pang'ono kunena. Mpaka lero ndimakhulupirira choncho. Koma anabwerera pamalo pake n'kuvala zomvera.

Nyali inayaka. Ndinaliza moyera kuposa poyamba.

Potuluka anandiperekeza mpaka pakhomo. Panja panali dzuwa ndi magalimoto. Panalibe wotimva, koma analankhulabe m'Chishona. Anati ndaliza bwino. Ine ndinati zikomo. Uthenga wa amalume ndinabwerera nawo. Anali atanena kuti woimbayo akadzabweranso adzamupatsa chikho chakechake, anali atasankha kale chimene chinali kuuma pampanda.

M'basi ndinakhala mowongoka, bokosi pamiyendo. Ndinkadziona ngati ndapambana. Mpaka ku Gatooma ndinkadziona choncho.

Mbale inatuluka patapita miyezi iwiri. Inalowa m'bokosi la nyimbo la m'bhawa, ndipo inkalira tsiku lonse. Dzina langa panalibe, koma komboni yonse inkadziwa. Anthu ankandigulira mowa umene sindinkamwa. A Sajeni anagula yawoyawo, ankayenda nayo m'khwapa ngati satifiketi. Anandigwira paphewa pamaso pa bandi yonse n'kunena kuti tsopano ndine woliza lipenga.

Amalume sankalowa m'bhawa chifukwa cha utsi. Ndinabwereka galamafoni, ndinapita nayo kuchipinda kwawo Lamulungu m'mawa. Anakhala pabedi, manja pamawondo. Nyimbo inayamba, inafika pakati, inatha. Singano inayamba kukanda.

"Bwereza," anatero.

Ndinabwereza. Inathanso.

"Ndikudikira pamene ulowere."

"Ndalowa kale, amalume. Lipenga lija ndine."

"Lija?"

"Lomwelo."

Anayang'ana mbale ikuzungulira.

"Oo. Ine ndimayesa ndi wapolisi."

Sananene mwachipongwe. Anangonena. Kenako anafunsa ngati mwana wa ku Dowa uja anatumiza mawu. Ndinati anali wotanganidwa. Anagwedeza mutu n'kuyamba kuvala masokosi a mganda.

Woimba uja sanabwerenso pa mgodi wathu. Ndinamva kuti anafika ku Gwelo, ulendo wa ola limodzi. Sindinapite. Ndinkati ayambe ndi iye. Mwina nayenso ankatero.

Chifuwa cha amalume chinakula. Anafuna kupita kwawo kukafera, koma njira zinali zitatsekedwa ndi nkhondo, ya ku Tete ndi ya kumpoto yomwe. Anamwalira m'chipatala cha mgodi nyengo yozizira. Tinawaika kumanda a komboni, kuseri kwa phiri la mchenga wa golide, kumene kuli machona ambiri. A mganda tinavala zoyera. Ine ndinapita kwa a Sajeni kukapempha kiyi wa sitolo. Sanafunse za kalata. Anangotsegula.

Pamanda zikho zinayamba, zazikulu pansi zazing'ono pamwamba. Ine ndinaima pa mzere, pamalo panga, ndi lipenga la mgodi. Ndinatsegula khosi lonse. Sindinalizepo choncho kale, ndipo sindinalizenso choncho. Akazi anasiya kulira kuti amve. A Sajeni anaima kumapeto, chipewa pachifuwa, kandodo kali m'khwapa. Sanakatulutse. Panalibe galasi, panalibe nyali yofiira. Mphepo inatenga zonse kupita nazo kumchenga.

Pasanapite nthawi Mzungu wa zamasewera anaitanidwa ku usilikali, ndipo amene anabwera m'malo mwake sankasamala za bandi. Zida zinakhala m'sitolo mpaka nkhondo inatha. Kenako tinamva kuti zinagulitsidwa. Kachitsulo ka pakamwa kanali m'thumba langa tsiku limene anatseka komaliza. Kali m'kabati mpaka pano. Sindinabe. Palibe anandifunsa.

A mganda anatha mmodzimmodzi. Ena anabwerera kumudzi njira zitatseguka, ena ali kuseri kwa mchenga kuja. Ine sindinabwerere. Mayi anga anamwalira ndisanawaone, ndipo sindidziwa ngati mbale ija inafika ku Ntchisi. Ngati inafika, sanandizindikire.

Woimba uja naye anapita. Tsiku limene anamwalira, wayilesi inaliza nyimbo zake kuyambira m'mawa. Anafotokoza za moyo wake wonse, sukulu yake, amayi ake, mudzi wa amayi ake. Za Dowa sanatchule. Ine ndinali nditasunga mawu ake zaka zonsezo, ndipo pano dzina lake sindinalembe, ndiye ndawasungabe. Nyimbo yachitatu ija anailiza kawiri. Ndinamvetsera mmene amaimbira pamene lipenga langa latsala pang'ono kulowa. Amatsitsa mawu, amasiya mpata. Zaka zonsezo sindinazimve. Mpata umenewo anausiyira chikho cha bambo ake. Ine ndinaikamo perete.

Iye akanalankhula mokweza tsiku lija. Inenso ndikanangoliza. Tinali anthu awiri okha m'chipinda chija odziwa chimene nyimboyo inkafuna.

Tsopano ndimakhala ku Mbizo, ku Que Que konkuno, kwa mwana wanga wamwamuna. Mano akutsogolo anatha, ndipo wopanda mano saliza lipenga la mkuwa. Milomo ilibe potsamira. Koma chikho sichifuna mano. Mbewu za amalume ndimabzalabe kumpanda chaka ndi chaka, pakati pa masamba a mpongozi wanga. Chovuta ndi kansalu. Nyumba za masiku ano amazipopera mankhwala, akangaude a mtundu uja akusowa. Ena amati ndiikepo pulasitiki ya buledi. Ndinayesa. Imalira ngati pulasitiki.

Kuseri kwa wadiropu m'chipinda changa kuli kangaude mmodzi. Ndinauza mpongozi kuti tsache lisafike pakona imeneyo. Iye amaganiza kuti ndi zamankhwala za Achewa, ndipo amadutsapo mofulumira. Sindinamuwongolere. Mwezi watha kangaudeyo anaikira. Ndinadikira ana ake atuluke, ndinachotsa kansalu ndi nsonga ya mpeni, mpweya nditaugwira. Manja amanjenjemera tsopano, koma sikanang'ambike.

Chikho chimene ndinamatapo kansaluko ndimachiliza masana, anthu akapita kumsika ndi kuntchito, a maminibasi akuitanira patali. Ndimaima, sindikhala pansi. Ndimaliza mbali yanga ya nyimbo ija monga inayenera kukhalira, kenako mpweya umatha. Chikho chimodzi si mganda. Ndikasiya, ndimamvetsera pang'ono pamene zikho zazikulu zikanayankha.